Masekondi Khumi a Amayi

Lolemba, 7 Okutobala

Loweruka tikutsegula chiliza cha Amayi, koma kanema wanga wa zidole zadongo ali ndi masekondi anayi basi. Sekondi imodzi imadya zithunzi khumi ndi ziwiri: suntha kamkono pang'ono, jambula pafoni, sunthanso, jambula. Papepala ndinalemba moyo wawo wonse: ukwati, kwaya ya Chigwirizano, ulendo wa panjinga wopita ku Simlemba, kusoka fodya m'chigafa. Ichi chakoma ichi chakoma, Tithokoze iwe, pusi anagwa chagada.

Chithunzi chawo tili nacho chimodzi chokha, cha pachitupa, ali ndwii ngati wina akuwakalipira. Ndikufuna abale awaone akusuntha, ngakhale kamodzi.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Dzuwa labwino m'chigafa ndi la m'ma sikisi, nthawi yomweyo yothirira nazale ya fodya. Ndikamabwera kuchokera kudambo mthunzi umakhala utasuntha, zithunzi n'kumaphethira. Lero ndinazemba. Ababa anandipeza nditagwada pambali pa kachidole ka Amayi.

"Mbande zikufota, iwe uli pano kuumba ana ngati wa sitandade wani?"

Ndinanyamula makeni othirira. Sananame.

Lachitatu, 9 Okutobala

Makeni makumi asanu ndi limodzi. Pobwera ndapeza mkono wa Amayi wang'aluka ndi kutentha. Ndinaiwala kuwafunditsa kansanza konyowa. Ndalira ngati chitsiru, chifukwa cha dongo la pachulu.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndang'amba pepala lija. Ukwati ayi, kwaya ayi, njinga ayi. Kwatsala kusoka fodya, komwe ndinayamba nako. Zandipweteka, kwaya ija ndinali nditaumba kale mitu isanu ndi iwiri, ndi maduku omwe.

Masana ndikumata mkono, Ababa analowa kudzafuna chingwe. Chingwe chinali pamaso pawo, koma anazungulira chigafa chonse. Kenako, "Tandionetsa."

Ndinawaonetsa masekondi anayi aja. Anaonera katatu.

"Duku walipeza. Koma Elube sankasoka chonchi. Akamanga masamba, ankapukuta utomoni m'chiuno, kawiri, ndiye n'kutola ena."

Ndinali nditaiwaliratu. Zaka ziwiri zokha, ine mwana wawo ndaiwala. Ababa anaimirira pakati pa chigafa n'kundionetsa ndi dzanja lawo, pha, pha, pathalauzi. Dzina la Amayi sanalitchulepo chiwaikireni.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndadzuka makeni palibe. Azakhali a Dyna, amene afika dzulo kudzaphika thobwa, akuti, "Achimwene alawirira kudambo. Akuti iwe uli ndi ntchito ina, tisakutume."

Ababa, ndi bondo lawo lovuta lija.

Zithunzi makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri dzuwa lisanasunthe. Nkhuku inalowa pa chithunzi chimodzi, ndaisiya, Amayi ankazikonda. Chala chimodzi cha kachidole chagwa, mthunzi ukunjenjemera kumapeto. Ndilibe nthawi yokonza. Masekondi khumi.

Loweruka, 12 Okutobala

Chiliza tatsegula bwino, abusa sanatalikitse. Titadya, ndinaimika foni panjerwa m'chigafa, anthu n'kumabwera asanuasanu. Ndinkachita manyazi ndi kufupika kwake. Kachidole kanamanga masamba, kanapukuta m'chiuno kawiri. Azakhali anagwira pakamwa. "Ndi Elube uyu. Mayi wanga ine, ndi Elube." Chala chosowa chija palibe anachiona.

Ababa sanabwere pagulu. Anthu atayamba kubalalika, anandikoka pambali.

"Kodi sikangamabwereze kokha, osamadina?"

Ndinawatchera. Analandira foni ndi manja awiri n'kukakhala kuseri kwa chigafa, pa mpando uja Amayi ankasokerapo.

Dzuwa lapendeka, mbande zikudikira madzi. Ndadutsa ndi makeni pafupi pomwepo, sanadzutse mutu. Ndawasiya awiriwiri.