Msoko wa Kandulo

Lachiwiri, 8 Febuluwale 2022

Bambo a Lenia anyamuka m'mawa, kumgodi masabata awiri. Andisiyira galaja yodzaza makatoni a manga, timabuku ta zithunzi ta ku Japan towerenga kuyambira kumbuyo. Galimoto ikugona panja. Akuti chibwerere korona sitima zapamadzi zikuchedwa, mabukuwa akusowa, mitengo yakwera. Iwo amagula kwa amene atopa nawo n'kugulitsa pa intaneti. Kiyi wa galaja pa msomali wa kukhitchini, monga mwa masiku onse.

Mawu awo pakhomo: "Katoni yolembedwa Natalie musaigwire, mayi. Adzatenga yekha Lachitatu sabata yamawa."

Ena onse amawatumizira pa positi. Natalie yekha wodzafika pakhomo panga. Ndani ameneyu?

Lachinayi, 10 Febuluwale

Tsiku lonse masiki kumaso, kusambitsa ndi kunyamula okalamba. Msana wanga ine!

Tabuleti yawo aiwala pamwamba pa firiji. Sindinaifufuze, inayaka yokha. Natalie: akuti sangathe kudikira, n'kamtima kofiira pambali. Kudikira chiyani?

Ndinamuuza Perpetua kuntchito. Akuti amuna a kumigodi sabata yawo yopuma amaigawa pawiri, theka kunyumba, theka kwa chibwenzi. Perpetua naye pakamwa! Komabe utsi sufuka popanda moto. Mtima ukundiwawa.

Lamulungu, 13 Febuluwale

Ulaliki sindinaumve n'komwe. Mawa Valentayini.

Ndatsegula katoni. Mabuku khumi ndi awiri, lililonse lomatidwa m'pulasitiki yake. Ndang'amba mapulasitiki onse, kukutumula tsamba ndi tsamba. Kalata ayi. Chithunzi ayi. Ndolo ayi. Anyamata a maso akuluakulu kuthamangitsana ndi malupanga, basi.

Mwina anabisa mochenjera. Kapena wopusa ndine.

Lolemba, 14 Febuluwale

Ndakonza. Pulasitiki yatsopano, kandulo, mpeni wopindirapo, momwe ndinkamatira timapaketi ta mtedza pa Mchesi ndili mtsikana. Dzanja silinaiwale. Msoko wowongoka bwinobwino, kuposa wa azungu. Pulasitiki ndi pulasitiki, angadziwe ndani?

Bambo a Lenia aimba foni madzulo, kundifunira Valentayini yabwino. Ndinayankha mwachidule.

Lachitatu, 16 Febuluwale

Wabwera Natalie uja. Mayi wa imvi mbuu, ndodo m'manja, wakwera sitima ya pamtunda mpaka kwathu kuno ku Maddington. Ali ndi kashopu ka manga m'tauni. Kamtima kaja kanali ka mabuku. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Anatenga buku limodzi, kulitembenuza, kutsitsa masiki, kununkhiza. Utsi wa kandulo. Akuti kufakitale samata chonchi. Akuti mtengo wonse wagona pa pulasitiki yoyamba ija, ndipo womata kachiwiri ndiye kuti akubisa kanthu, mwina mabukuwo ndi feki. Anandiyang'ana ndi diso lomwe ine ndakhala ndikumuyang'ana nalo mumtima sabata yonse.

Ndikanangonena kuti womata ndine. Wapita chimanjamanja.

Lachisanu, 18 Febuluwale

Kani Natalie anajambula msoko wanga, waika pa gulu la pa intaneti la ogula manga, dzina la bambo a Lenia pamwamba: chenjerani naye. Ndikuziona pa tabuleti. Asanu abweza kale maoda. Wina akufunsa ngati zomwe anagula chaka chatha zinali zenizeni. Zaka ziwiri munthu akumanga dzina, kukulunga buku lililonse ngati dzira.

Bambo a Lenia aimba katatu. Ndalemba kuti ndili pa shifiti. Bodza.

Lachiwiri, 22 Febuluwale

Abwera. Chikwama pansi, molunjika ku galaja. Ine kumbuyo.

Ananyamula buku, kuyendetsa chala pa msoko, pang'onopang'ono mpaka kumapeto. "Msoko uwu ndimaudziwa. Ndinadya mtedza wake zaka ziwiri ndisanaloledwe." Basi, mawu ake omwewo.

Kenako alemba pa gulu kuti womata ndi iwowo, apepesa. Dzina langa mulibe. Sanandifunse chimene ndinkafuna m'katonimo. Akudziwa. Bola akanakalipa.

Atseka galaja. Ndinaima pakhomo la khitchini kudikira kuti apachike kiyi pa msomali. Anadutsa, n'kumuika m'thumba.