Galimoto yanu yayamba kumwa mafuta

Lolemba, 6 Okutobala

16.8. Ndi zomwe kasikirini ka m'galimoto kakuonetsa lero, makilomita pa lita imodzi. Muli moyo inu sikankatsika pa 23. Munkakajambula pa foni n'kutumizira mwana wathu ngati zotsatira za mayeso. Thanki yomwe inkandikwanira sabata ziwiri, kupita kusukulu ndi kubwerera, pano masiku khumi sakwana.

Miyezi inayi chitisiyireni. Ndaona kuti ndikulemba ngati ndikulankhula nanu. Zilibe kanthu, palibe adzawerenge.

Lachinayi, 9 Okutobala

Injini sikuzimanso. Kale tikaima pamaloboti inkangoti zii, galimoto n'kumayendera batire. Ubwino wa haibulidi umenewo, munkatero, theka petulo theka magetsi. Munkati ndi galimoto yaulemu, siyankha mokweza ngati mayi a pakhomo pano. Lero yalira njira yonse.

Ndayesa kuyendetsa mwanu muja. Phazi lopepuka, kuyamba kuchepetsa liwiro maloboti akadali kutali. Aminibasi andiimbira mahutala mpaka manyazi. Anzanu sankalakwa kukutchani aBirimankhwe. Phindu lake? 16.5.

Mnzanga wophunzitsa masamu anapempha lifiti, iye ndi mlongo wake. Ndinanama kuti zitseko zakumbuyo zinafa. Kumbuyoko kuli bulangete lanu ndi pilo, momwe munazisiyira ulendo womaliza wa kuchipatala. Ndinangolipinda m'mbali kuti lisamaterereke. Sindifuna munthu akhalepo.

Loweruka, 11 Okutobala

Kwa wamatayala. Awiri anali ndi mpweya wochepa. Anapopa onse anayi, akuti, "Apa mwathana nazo, mayi." Kuthana nazo kuti? 16.4.

Mwana wathu pa foni: sinthani mapulagi, sinthani sefa, Amayi musamayatse eyakoni. Kutentha konseku! Ali kutali, ndiye zonse akudziwa. Mawu ake akamalangiza ndi anu enieni. Ndinanamizira netiweki n'kudula.

Lachitatu, 15 Okutobala

Mapulagi atsopano, oyilo watsopano, sefa ya injini yatsopano. Makaniko wa pakona uja. Ndalama ya golosale yathera pomwepo. 16.6.

Anakanda m'mutu. Akuti zamagetsizi sazidziwa bwino, koma ikatere ndiye kuti batire lalikulu likufa. Atatchula mtengo wake ndinakhala pa tayala lakale ndi diresi langa la kuntchito. Malipiro anga a miyezi itatu, osadya.

Chilichonse chanu chiyenera kufa chaka chomwechino?

Lamulungu, 19 Okutobala

Achimwene anu anabwera. Tiyi sanamalize n'komwe. Kuzungulira galimoto kawiri, kumenya tayala ndi nsapato. "Mlamu, igulitseni isanafe. Kuti musavutike, ndiigula ine." Mtengo wake wa njinga yamoto. Tsiku lokuikani analira kuposa ine, lero akusuzumira makilomita. Chondipweteka n'chakuti mwina akunena zoona.

Atapita ndinakakhala m'galimoto, mawindo otseka, dzuwa lili phwee. Kukatentha fungo lanu limatuluka m'bulangete. Mafuta odzola aja, ndi mankhwala pang'ono. M'nyumba linatha kalekale, ndinapusa kuchapa malaya anu sabata yoyamba. Latsala muno mokha.

Ndikaigulitsa ndizikupezani kuti?

Lachisanu, 31 Okutobala

Sindinalembe. Panalibe cholemba. 15.2.

Masiku atatu ndakwera minibasi, galimoto ili pakhomo ngati wodwala. Pobwera ndimaigwira pa boneti. Aneba aziona, ndilibe nazo ntchito.

Alamu aimba kanayi. Ndawauza kuti ndiwayankha Lolemba. Wamasamu wandilozera mayi wina wokonza magalimoto amtunduwu okhaokha, kuseri kwa ogulitsa matabwa. Mawa. Akanena kuti ndi batire, basi, makiyi ndipereka.

Loweruka, 1 Novembala

Ndinapita kwa mayi wokonza magalimoto uja.

Mayi wamfupi, ovolosi yabuluu, wosachulutsa gaga m'diwa. Analumikiza kompyuta yake pansi pa chiwongolero, tinazungulira kawiri mumsewu wa kuseri. Kenako akuti, "Batire lanu silinafe, mayi. Likungotentha. Likatentha galimoto imalipumitsa, injini n'kumakoka yokha. Mafuta anu akupita kumeneko."

Ndisanayankhe anali atatsegula chitseko chakumbuyo. Anakoka bulangete ngati chiguduli wamba. Pambali pa mpando, timabowo tating'ono. Zaka zisanu sindinatione. Akuti batire limapumira pamenepo. Pomwe ndinapindira bulangete ndi manja angawa, n'kulikanikiza bwinobwino.

"Anatseka apa ndani?" Ndinati ndine.

Anamasula kachivundikiro, anatulutsa kasefa kakang'ono. Kodzaza. Fumbi, ubweya wa bulangete, ndi tsitsi. Laimvi, lalifupi.

"Muli ndi galu?"

Ndinangopukusa mutu. Linali lanu. Lomwe linkathothoka ndi mankhwala aja, miyezi yonse ija mukugona kumbuyo, ine ndikuyendetsa, inu maso otsinzina koma mukundiuzabe kuti ndaponda kwambiri. Pa pilo ndinkalisesa musanaone. Sindinkadziwa kuti lina galimoto inkasunga.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipemphe andipatse. Anali atanyamula kale paipi ya mpweya. Fuu, kamodzi kokha. Linauluka pabwalo la galaja, pamwamba pa matayala akale, kulowera kwa amatabwa. Ndinangoima ndi chikwama m'manja.

Anatsuka fani yoziziritsa batire, anakoka fumbi m'mipando yonse ndi makina, anafufuta nambala yakale pa kasikirini kuti tiyambe kuwerenga mwatsopano. Pomaliza anapopera mankhwala onunkhira. "Kameneka ndi kaulere, munali kafungo ka chipatala." Mtengo wonse wosafika wa mapulagi aja.

Sanalakwe chilichonse. Ndinathokoza kawiri. Ndinafika pa filing'i sitesheni yoyamba, ndinaimika pambali, ndinalira mpaka wothira mafuta anabwera kudzagogoda pawindo.

Lachiwiri, 4 Novembala

22.1.

Alamu ndinawayankha dzulo. Galimoto sikugulitsidwa. Anati chabwino, mawu ouma ngati chikuni. Mwana wathu wasangalala, akuti ankadziwa kuti ndi sefa. Wamasamu ndamutenga m'mawa, mlongo wake wakhala kumbuyo. Sindinayang'ane pagalasi.

Ndapambana, eti? Galimoto ndi yanga. Ikununkha mandimu.

Bulangete lili m'jumbo, m'kabati, mfundo ziwiri. Sindinalinunkhize. Ndikuopa kupeza kuti namonso mulibe.

Pobwerera ndinali ndekha. Pamaloboti a pafupi ndi chipatala injini inazima. Zii, ngati kale. Ndinali nditaiwala kuti m'kachetechete ameneyu ndi momwe munkadzutsa mutu kumbuyoko n'kunena kuti, "Mwamva, mayi? Apa tikuyenda ulere."

Ndinadikira. Maloboti anasintha, akumbuyo anayamba mahutala, ine ndikadali kudikira