A Gondwe amasula tayi

Lachinayi, 4 koloko madzulo, kuno ku Mwazisi.

Mdzukulu wanga Chawezi,

Uli bwanji ku Bursa kumeneko, mu utsi wa mafakitale? Ine ndili bwino, bondo lokha ndilo likundichitira mwano.

Imva nkhani. Thenga amene tinamutuma kukakufunsirira Tiwonge anabwerako ali ndwii. Bambo ake, a Gondwe, anakana. Akuti anzako ku Turkey amalawirira ku fakitale, iwe umangokhala m'chipinda n'kumayang'ana kompyuta, abwana ako sunawagwirepo chanza.

Dzulo ndinamanga chitenje n'kupita ndekha. A Gondwe ndinawapeza pakhonde atavala tayi yawo ya uphunzitsi, akulu a mpingo awiri ali pomwepo. Anati mwamuna weniweni amadzuka m'mawa n'kupita ku ofesi.

Ine ndinati, "Yewo chomene, aphunzitsi. Koma pakhomo panu pano amaswa anapiye ndani, tambala woyendayendayo kapena thadzi lili phee pamazira? Mwana wanu akwatiwe ndi munthu kapena ndi ofesi?"

Akulu aja anaseka mpaka misozi. Kenako amayi ake a Tiwonge anayankhira kukhitchini: "Ine zaka zonsezi ndinakwatiwa ndi ofesi. Mwana wanga ayi."

A Gondwe anamasula tayi, n'kunena kuti thenga abwerenso Loweruka.

Tsono iwe uzituluka kukawotha dzuwa, usabwere ku ukwati utatuwa ngati chinangwa. Mulungu akusunge. Ukawerenga kalatayi uitumize kwa mlongo wako ku Mzuzu, ayambe kusoketsa diresi.

Ndine agogo ako,
NyaMhango