Magalamu 80 M'malo mwa 8

Naperi, Blantyre
18 Ogasiti

Okondedwa achimwene a Bennet,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Nampula konko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tilipo.

Achimwene, pali nkhani imene sindinauzepo munthu. Inu ndi amene munandiphunzitsa kemisitire, ndiye muimvetsa.

Mu Malichi, kusukulu ya ku Limbe kumene ndimasamala labotale, aphunzitsi anandituma kusungunula soda wa kositiki wa mayeso oyeserera a Fomu 4. Anafuna malita awiri a mphamvu ya 0.1 M, kutanthauza muyeso wa molo 0.1 pa lita iliyonse. Molo imodzi ya sodayu imalemera magalamu 40, ndiye 0.1 kuchulukitsa ndi 2, kenako ndi 40, pankafunika magalamu 8. Ine pofulumira ndinadumpha kadontho, n'kuyeza magalamu 80. Botolo linafunda m'manja mwangamu, chizindikiro choti soda wachuluka, koma ndinamatabe pepala la 0.1 M.

Timipira tokokera mankhwala m'machubu tinachepa, moti ana ena ankakoka ndi pakamwa. Mtsikana wina, Ella, anakoka mopitirira n'kumeza. Anagwira pakhosi, maso ali pa ine, kukuwa osatheka.

Anagona m'chipatala masabata atatu. Ahedi anauza makolo ake kuti mwanayo ndi wosasamala, chifukwa soda wofooka chotero sakanamuwotcha akanalavula msanga. Ine n'kuti nditawerengeranso kale, wotsalayo nditamutaya mu sinki. Ndinangoti zii.

Ella ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwawo. Lero mawu ake ndi osasa, ndipo amadya zofewa zokhazokha. Chichitikireni zimenezi, ndikamayeza mankhwala pa sikelo ndimawerengera kasanu. Koma ndimamumvabe Ella akutsamwa kumbuyo kwanga m'chipinda mopanda munthu.

Lachiwiri ndinamupeza mu minibasi pa Chichiri. Anandisendezera malo, n'kundinong'oneza kuti ndimukhululukire poti anandichititsa manyazi kuntchito. Achimwene, mwanayo ankapepesa kwa ine! Ndinatsika ndisanafike kumene ndinkapita.

Loweruka ndikupita ku Bangwe kukauza makolo ake zoona, Lolemba ndikauza ahedi. Ntchito mwina ithera pomwepo. Sindikupempha kuti mundiletse. Chonde kalatayi ikakupezani, muwaimbire amayi, muwafotokozere ndinu. Ine ndayesa kawiri, koma ndalephera.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni, ndipo mupempherere Ella musanapempherere ine.

Ndine mlongo wanu,
Cathy