Zisoti Ziwiri za Kabaza

Okondedwa amalume a Abdala,

Landirani moni wochokera kuno ku Kanjedza. Tikukhulupirira kuti ku Joniko muli bwino.

Zikomo kwambiri chifukwa cha zisoti ziwiri zimene munatumizira amuna anga, a Nazir, zoti azigwiritsa ntchito pa kabaza. Pa ziwirizo, iwo ankafuna kuvala chotsegula kumaso, amati, "Chotsekachi chimatentha, ndipo makasitomala sandizindikira." Ndinawaumiriza mpaka anagonja.

Lachiwiri minibasi inawagunda ku Makata. Chisoti chotseka chija chinang'ambika pachibwano, koma nkhope ilibe bala. Akuyendera ndodo ndipo akudya bwino. Allah akudalitseni, amalume, ana anga akadali ndi bambo.

Chotsegula chija anavala mtsikana amene a Nazir anamunyamula tsikulo. Iyeyo sanapulumuke. Abale ake anabwera dzulo, anakhala pakhonde. Zinazo tidzakamba mukadzabwera.

Ndine mwana wanu,
Aminatu