Za Bambo wa Nyali ndi Magalasi a Aphunzitsi

KALABU YA OPUMA PANTCHITO OSEWERA MAGEMU A PA KANEMA
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Lachiwiri, pa 11 Marichi
Malo: Chipinda cha kuseri kwa shopu ya a Telala, pakati pa makina osokera ndi mulu wa mathalauza amene eni ake sanabwere kudzatenga
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

Chidziwitso: Aliyense wowerenga pepalali adziwe kuti lalembedwa ndi ine Mlembi Wamkulu, amene ndinanyamula makalata a mu ofesi zaka makumi atatu osataya ngakhale envulopu imodzi, ndiponso amene ndinalekeza sukulu sitandade sikisi, osati chifukwa cholephera, koma chifukwa zondiphunzitsa zinawathera. Wowerenga ali chikhalire ayambe waimirira. Wovala chipewa avule.

Opezeka:
A Telala, Wapampando, eni chipinda ndi kanema
A Dalaivala, oyendetsa gemu
Aphunzitsi, Omasulira
A Nesi, alamu anga, membala
Ine, Mlembi

Osapezeka:
A Kalipentala anapepesa, akuti bondo. A Shasha sanapepese, monga mwa khalidwe lawo.

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula msonkhano pogogoda tebulo ndi sizasi. Anakumbutsa mamembala kaseweredwe ka kalabu yathu, kuti timasewera gemu imodzi tonse pamodzi: a Dalaivala amagwira kachipangizo koyendetsera, poti anayendetsa basi moyo wawo wonse, Aphunzitsi amawerenga mawu a Chizungu otuluka pa kanema n'kutimasulira, otsalafe timapereka malangizo amene a Dalaivala samvera.

Wapampando analandira Aphunzitsi, amene anasowa masabata asanu atapita kukachotsa ng'ala m'maso. Abwera ndi magalasi atsopano ndi tayi yawo ya masiku onse. Aphunzitsi anathokoza, ndipo anati akondwa kuonanso bwino nkhope za mamembala, koma sankadziwa kuti Mlembi wakalamba chonchi. Mlembi anati magalasiwo ndi olakwika, awabweze.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Zinawerengedwa. A Nesi anapempha kuti mawu oti "a Nesi analankhula mpaka tiyi kuzizira" achotsedwe. Mlembi anati tiyiyo mboni zake zilipo. Mawuwo anatsala.

3. Kusankha gemu yoipitsitsa ya chaka chino

Monga timachitira chaka ndi chaka, komiti inayenera kusankha gemu ya ulendo imene yatigwiritsa mwala kuposa zonse. Zinatchulidwa zitatu. Mayina ake enieni ndi ovuta lilime, ndiye talemba amene timaziitanira ifeyo.

3.1 Gemu ya Hatchi. Wapampando anati hatchi ya mugemuyi inkakwera padenga la nyumba za anthu n'kukana kutsika. Tsiku lina inalowa m'khoma n'kutsala mchira wokha kunja, ndipo tinatha masana onse tikukoka mchirawo.

3.2 Gemu ya Chilumba. A Dalaivala anati tinakumba chilumba chonse miyezi itatu kufunafuna bokosi la chuma. Titalitsegula tinapezamo kapepala koti chuma chenicheni ndi anzako. A Dalaivala anati anzawo anali nawo kale asanayambe kukumba, ndipo akawayang'ana saonapo chuma.

3.3 Gemu ya Bambo wa Nyali. Anaitchula ndi a Nesi. Wapampando anati kwa amene sanalipo masabata apitawa izi zingamveke zachilendo, chifukwa kwa miyezi isanu ndi iwiri gemuyi inali pamtima pathu tonse. Choncho anapempha kuti nkhani yake ilembedwe mwatsatanetsatane.

Monga ankatimasulira Aphunzitsi, Bambo wa Nyali ndi mwamuna amene analankhula mawu opweteka kwa mkazi wake m'mawa wina akupita kuntchito, ndipo pobwera madzulo anapeza mkaziyo kulibe. Ndiye akuyenda mudzi ndi mudzi, nyali m'manja, kumufunafuna kuti apepese. Mayi wa pazenera amene tinkamupeza m'mudzi uliwonse tinkadziwa kuti ndi mlamu wake, amene akudziwa kumene kuli mkaziyo koma akumubisa. Timasupuni tasiliva timene bamboyo ankatola m'njira ndi ta pa ukwati wawo, mkaziyo ankatitaya dala kuti aone ngati mwamuna wake akumutsatira.

A Nesi anati Aphunzitsi ali kuchipatala, ntchito yowerenga inagwera iwo, ndipo anapeza zotsatirazi:

(a) Bambo wa Nyali alibe mkazi. Sanakwatirepo.
(b) Ndi wantchito wa kukhitchini ya mfumu, ndipo watumidwa kukatola masupuni makumi anayi amene anabedwa ndi akhwangwala.
(c) Mayi wa pazenera si mlamu wa munthu. Amagulitsa zingwe. Chiyambire gemuyi amanena chiganizo chimodzi chokha: "Ukufuna chingwe?" Chiganizochi Aphunzitsi anachimasulira m'njira zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo palibe njira imene munali chingwe.
(d) Mawu otuluka pakona ya kanema, amene Aphunzitsi ankati akutanthauza kuti mtima wa bamboyo watopa, timupumitse ife timwe tiyi, amanena kuti batire ya kachipangizo yatha.

A Nesi anati atawerenga zoona zokhazokha kwa masabata asanu, aona kuti gemuyi ndi mbola yeniyeni.

Mlembi akufuna kuti zilembedwe kuti iye anazindikira zonsezi kuyambira tsiku loyamba, ndipo sananamizidwe ngakhale mphindi imodzi. Anangokhala chete chifukwa cha ulemu.

Komiti inagwirizana kuti Gemu ya Bambo wa Nyali ndiyo yoipitsitsa chaka chino. Aphunzitsi sanavote. Ankapukuta magalasi.

4. Pempho lochotsa Aphunzitsi pa udindo wa Omasulira

A Dalaivala anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kupempha kuti Aphunzitsi achotsedwe pa udindo ndipo aimitsidwe kubwera ku kalabu miyezi isanu ndi iwiri, yofanana ndi imene anatiyendetsa njomba. Anati iwo analowa m'phanga la akangaude maulendo makumi anayi, chala chachikulu mpaka kutupa, akudziwa kuti akupulumutsa banja la munthu. Anati pa zaka zonse za pamsewu sanatumidwepo ulendo wopanda pake ngati umenewu. "Ine bambo wa ana asanu ndi awiri, kutolera masupuni a mfumu yosandidziwa."

A Nesi anavomereza pempholi. Anati bodza ndi bodza ngakhale litavala tayi. Anawonjezera kuti tsiku limene mlamu wa pazenera anauza bamboyo kuti mkazi wake amamutchulabe kutulo, munthu wina m'chipinda muno analira mpaka kuminira chidutswa cha nsalu ya kasitomala. Mlembi anafunsa ngati alamu angatchule dzina. A Nesi anati, "Alamu, musandiyese." Nkhaniyo inasiyidwa.

Wapampando anapatsa Aphunzitsi mpata woyankha.

Aphunzitsi anati sakana mlandu. Anati gemuyi tikuiyamba, maso anali atayamba kale kuchita chifunga. Zithunzi ankaziona, koma timalemba tating'ono tapansi tinkangooneka ngati nyerere zagwa m'madzi. Tsiku loyamba anangoti anene kenakake kuti adutse, poganiza kuti mawa kuwala kukhala bwino. Mawalo silinafike.

Wapampando anafunsa chifukwa chake sananene. Aphunzitsi anati zala zawo sizingagwire kachipangizo, malangizo tili nawo kale ochuluka, ndiye akanati sakuona, akanatsala ndi ntchito yanji muno? Anati chimwalirire mayi a kunyumba zaka zinayi zapitazo, Lachiwiri ndi tsiku lokhalo limene amasita malaya.

A Dalaivala anati zimenezo azimva, koma nanga bwanji osangonama za chinjoka kapena nkhondo ngati anthu ena onse? Nkhani ya mkazi anaitenga kuti? Aphunzitsi anati munthu akamanama mwadzidzidzi amatola chimene chili pafupi.

Wapampando anasuntha sizasi kuchoka kumanja kupita kumanzere, kenako anaibwezera kumanja.

Pempho linavoteredwa. Ofuna kuti achoke: a Dalaivala ndi a Nesi. Ofuna kuti akhale: Wapampando ndi Mlembi. A Nesi anati Mlembi wavota choncho chifukwa onama amadziwana. Mlembi anapempha kuti mawuwa alembedwe ngati chiyamikiro.

5. Mayeso

Poti mavoti anafanana, Wapampando analamula kuti kanema ayatsidwe. Anati Aphunzitsi tsopano akuona, ndiye awerenge zenizeni pamaso pa komiti. Akawerenga bwino akhala, akalephera achoka. A Nesi anakhala pambali pawo ngati woyang'anira mayeso.

Gemu inali itafika kumapeto. Tinali ndi masupuni makumi atatu mphambu zisanu ndi zinayi, ndipo Bambo wa Nyali anali ataima pakhomo la kanyumba ka paphiri. Kanyumbaka tinkakaona patali miyezi yonseyi, utsi ukufuka padenga, ndipo Aphunzitsi ankatiuza kuti mkaziyo ali mmenemo.

A Dalaivala anagogoda. Chitseko chinatseguka. Munali mayi wokhala pa mpando, atatipatsa msana.

Aphunzitsi anakonza magalasi n'kuwerenga momveka bwino, ngati akuitana mayina m'kalasi: "Wafika. Supuni yomaliza ili m'kabati. Dina batani lobiriwira kuti utsegule kabati."

A Nesi anati ndi zoona, liwu ndi liwu.

Aphunzitsi anapitiriza: "Ngati ulibe chingwe, bwerera kumudzi ukagule chingwe."

A Nesi anati ndi zoonanso. Wapampando anayasamula mpaka mano oikirira kusuntha.

A Dalaivala sanadine batani lobiriwira. Anamusiya bamboyo ali chiimire pakhomo, nyali ikugwedezeka m'manja. Wapampando anawakumbutsa kuti batanilo lili pansi pa chala chawo. A Dalaivala anati akulidziwa, basi ya mabatani ambiri kuposa apa anaiyendetsapo.

Kenako, osacheuka, anati, "Aphunzitsi, tavulani magalasiwo."

Aphunzitsi anafunsa ngati ili ndi lamulo la komiti.

"Tavulani. Munthuyu ndamuyendetsa miyezi isanu ndi iwiri. Sindingamutsitse pa siteji ya supuni. Mayiyo akuti chiyani?"

Aphunzitsi anavula magalasi, anawapinda n'kuwaika pa makina osokera. Anayang'ana kanema nthawi yaitali. Kenako anati mayiyo akuti: "Tseka chitseko, ukulowetsa mphepo. Wayenda mtunda wonsewu ndi malaya osasita? Mawu aja ndinawaiwala tsiku lomwelo, iwe wekha ndiwe ukuwasenzabe. Khala pansi, tiyi akadali wotentha."

A Dalaivala anamukhazika bamboyo pansi, ngakhale kuti batani limene anadina ndi lobisalira adani.

Wapampando anafunsa woyang'anira mayeso ngati kumasuliraku kuli kolondola. A Nesi anati kuwala kwa pazenera kukuwathobwa m'maso, sakuona bwino. Mlembi akuchitira umboni kuti zenera la chipindachi linakhomedwa ndi katoni chaka chatha.

6. Zigamulo

A Dalaivala anabweza pempho lawo. Komiti inagwirizana izi:

(a) Aphunzitsi apitiriza kukhala Omasulira.
(b) Pa nthawi yosewera, magalasi awo azisungidwa m'kadirowa ka makina osokera, kiyi kwa Wapampando.
(c) A Nesi aziwerenga zoona pokhapokha batire ikatha, kapena tikasochera kupitirira masabata awiri.
(d) Gemu ya Bambo wa Nyali ikhalabe yoipitsitsa chaka chino, koma anthu amene anaipanga asauzidwe za mkaziyo, angabe nzeru.
(e) Supuni yomaliza isatengedwe. Mfumu idye ndi manja.

7. Zina ndi zina

7.1 A Dalaivala anafunsa ngati kapepala ka m'bokosi la pachilumba kanalembedwadi zija. Aphunzitsi anati nthawi imeneyo ankaona bwino, ndipo bodza lopanda mchere ngati limenelo iwo sangalipeke.

7.2 Wapampando anapempha mamembala kuti asiye kukhalira mathalauza a makasitomala. Anati sabata yatha mwini wake wa thalauza ina anaibweza ikutentha.

7.3 A Nesi anapempha kuti a Kalipentala ndi a Shasha auzidwe zoona zake za gemuyi. Komiti inakana. Inati amene sabwera kumsonkhano asadziwe za masupuni mpaka kalekale, ndicho chilango chawo, kapena mwayi wawo.

8. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachiwiri pa 8 Epulo, nthawi yomweyi, malo omwewa. Wapampando anatseka msonkhano nthawi itakwana 4:20 masana, pamene pakona ya kanema panatuluka mawu aja, ndipo Aphunzitsi analengeza kuti mtima wa bamboyo watopa. Tiyi anamwedwa.

Wapampando: ______________________

Mlembi Wamkulu: ______________________

Mawu owonjezera a Mlembi: Wapampando akana kusaina mpaka nditakonza malo amodzi, ndiye ndikukonza. Zonse zalembedwa pamwambazi zinachitikadi, kupatula ndime ya mu mfundo yachitatu imene ikuti ine ndinazindikira bodzali kuyambira tsiku loyamba. Imeneyo ndapeka. Sindinazindikire kanthu. Amene anaminira nsalu ya kasitomala ndine. Ndipo tsiku lomwelo nditafika kunyumba ndinapepesa mayi a ana anga chifukwa cha mawu ena amene ndinawalankhula ana athu asanabadwe. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa kuti ndathyola chiyani.