Kangiri ya Rifat

14 Novembala

Kuzizira kwayamba kuluma zala. Masamba a mitengo ya chinara onse pansi, amayi m'mudzi muno akuwatentha kuti apeze makala.

Lero ndatsitsa kangiri ija, kambaula konyamula m'manja, pamwamba pa kabati. Kamphika kadothi kali bwinobwino, koma msondodzi wozungulira analuka kulekeza pakati. Bambo a Rifat anaisiya pomwepo mu Juni, ati adzamaliza akachira. Sanachire.

Rifat ali kubanja, chisanu chake choyamba kwa mwamuna wake. Kangiri ya mkwatibwi imachokera kwa makolo ake chisanu chachikulu chisanalowe, kuti mwana aziotha moto wakwawo m'kati mwa mkanjo. Apongozi ake anayamba kale kukumbutsa pafoni. "Mwana wa mmisiri, chaka chino tiona zokongola." Kutsekemera pakamwa mayi amene uja, koma ndamumva.

Mchemwali wanga akuti ndingogula kumsika. Kugula! Mkazi wa Sonaullah kugula kangiri? Moyo wanga wonse kuwiritsa msondodzi, kusenda makungwa mpaka zikhadabo kuda bii. Kuluka kokha ayi, ati n'kwa amuna. Chabwino, tiona.

16 Novembala

Ndapita kubwalo la ku Shalabugh. Amisiri asonkhana sabata yonse, akuphunzitsa aliyense wofuna. Mphasa pa udzu wonyowa, mitolo ya msondodzi m'madiramu amadzi, tiyi wamchere. Atsikana a ku Srinagar ndi mafoni awo, kujambulana kuposa kuluka. Wamkulu pa ophunzira onse ndine.

Wotiphunzitsa ndi a Jabbar, mnzawo wa malemu kuyambira paunyamata. Atangondiona, "Alamu, mwabwera kudzatilanda ntchito?" Ine ndati, "Ntchito yake iti, yokhala pansi tsiku lonseyi?" Aseka, kenako maso awo afiira, ayamba kufunafuna mpeni womwe unali m'manja mwawo.

Kadengu kanga koyamba, chisa cha khwangwala chenicheni. Zala magazi okhaokha. Kangiri sindinaitulutse m'nsalu.

18 Novembala

Manja ayamba kumva. Kamtengo konyowa kamamvera, kouma kamathyoka. A Jabbar akuti ndimakoka ngati ndikukoka khutu la mwana wosamvera.

Masana ndinangozindikira kuti ndaluma nsonga ya kamtengo m'mano, manja ali kalikiliki, ndendende mmene ankachitira malemu. Ndinalira pamaso pa anthu. Mtsikana wina anandipatsa kapepala kopukutira misozi, kakang'ono, kosakwana n'komwe diso limodzi. Manyazi ake!

19 Novembala

Ndawaonetsa a Jabbar kangiri. Bola ndikanapanda.

Anaitembenuza, anaiika pathabwa, anaikhudza ndi chala. Inagwedera. Kenako, "Alamu, tsinde ili ndi lofooka. Mukangomaliza pamwamba pokha, tsiku lina idzapendeka, makala onse pamiyendo pa mwana. Imasulidwe mpaka pansi."

Ndawauza zonse, kuti ankawachitira nsanje amuna anga ali moyo, lero akuwanyoza ali m'manda, kuti m'chigwa chonse chino palibe amene ankamanga tsinde ngati Sonaullah. Atsikana aja mafoni pansi, maso pa ine.

Iwo mawu otsika. "N'zoona, palibe. N'chifukwa chake ndikuti dzanja lamanzere linali litayamba kale kufa pamene ankaluka izi."

Ndakulunga kangiri yanga, ndabwerako osatsazika.

21 Novembala

Dzulo sindinapite. Lero sindinapite.

Ndaiyang'ana kangiri pawindo dzuwa likuwala. Mbali imodzi yothina, ngakhale singano singalowe. Mbali ina chala changa chikulowa. A Jabbar sananame.

Bambo a Rifat inu, bwanji osanena? Ukwati wa mwana mukuseka ndi alendo, dzanja m'kati mwa mkanjo, ine kumati n'kuzizira. Mumati ndatopa chabe. Ndakukwiyirani lero, ndipo palibe woti ndimukalipire.

Rifat anaimba. Mawu aulesi, akuti m'mawa uliwonse akusanza, fungo la anyezi sakulifuna. Ndamvetsa. Mulungu amusunge. Pomaliza, "Amayi, ija ya Ababa ilipo eti? Musaisinthe chilichonse, ingomangani pamwambapo."

Ndinati ilipo. Zina zija ndinamubisira.

Ndikaitumiza momwe ilili, ndatumiza moto pamimba pa mwana wanga. Ndikaimasula, chomaliza chimene manja awo anagwira chatha. M'nyumba muno mulibenso china, zonse zinapita kumsika.

22 Novembala

Tsiku lotsiriza kubwalo. Anthu akupinda mphasa, ine ndikufika.

A Jabbar sanatchule za tsiku lija. Anangosuntha, kundisiyira malo. Anati kangiriyo aimasule okha kuti ndisavutike mtima. Ndakana. Ndaiviika m'diramu mpaka kufewa, ndayamba.

Kamtengo kalikonse kamatuluka kali kopindikapindika, kosafuna kuwongoka. Pomwe malemu anakanikiza ndi chala pakuoneka. Tiwiri tathyoka, ndatiika m'thumba la mkanjo, sindikudziwa kuti n'tantchito yanji. A Jabbar anakhala chondifulatira nthawi yonseyo, akuti akunola mpeni.

Pomaliza kamphika kali mbulanda pamphasa. Kakang'ono bwanji.

Tsinde latsopano ndamanga ndekha, ndi timitengo tomweto. Analiika pathabwa, analikankha. "Masulaninso." Ndamasulanso.

17 Disembala

Chipale choyamba chagwa m'mapiri. Ndakapereka kangiri kwa Rifat.

Kangiri yanga ilibe timagalasi tonyezimira, ilibe mphonje zamitundu. Chogwirira chonenepa mbali imodzi. Koma ukaikankha siigwedera, ndaiyesa ndi makala amoto kangapo.

Apongozi ake aja anaigwira ndi zala ziwiri. "Ndiye zimenezi?" Ndawayang'ana mpaka akumbuka kuti tiyi ali pamoto.

Rifat anaitenga, kuitembenuza, kuyendetsa chala patsinde. Mwana wa mmisiri, sungamunamize. "Ababa sankaluka chonchi. Yawo ili kuti?"

Ndinati ndi yomweyo, ndinaimasula. Ndinamuuza chifukwa chake, za dzanja lija, zonse. Sanalire. Anaiika pansi. "Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha." Analowa kuchipinda, sanatulukenso, ngakhale kudzadya.

Wondiperekeza anali mwamuna wake, mnyamata waulemu, nkhani zake za mtengo wa maapulo. Sindinamve ngakhale liwu limodzi.

Basi itanyamuka ndinapukuta galasi ndi mkono. Rifat anali pachipata. Nkhope gwa, maso otupa, mkanjo watukuka patsogolo, kautsi ka kangiri kakutulukira m'khosi mwa mkanjowo.

Ndinakweza dzanja. Iye sanakweze. Manja onse awiri anali m'kati.